Kabowo ka Ainsipekitala

Tsiku limene wometa tsitsi anabwera ndi envulopu ija, Mzime anadya n'kukhuta koyamba chimwalirire bambo ake.

Inali itatha milungu iwiri chiikire maliro. Wometayo, mnzawo wa malemu kuyambira kalekale, anatulukira pashopu ya Mzime ya fotokope atavala jekete ngati wopita ku ukwati, n'kusolola m'thumba envulopu yakhaki yomatidwa selotepi mbali zonse zinayi.

"Mwanangu, bambo ako anandisungitsa ichi zaka ziwiri zapitazo," anatero mkuluyo. "Anati ndidzakupatse iweyo misozi ikadzayamba kuuma. Ndi wilo, kalata yonena za kagawidwe ka chuma chawo. Ine ndinasainapo ngati mboni, pamodzi ndi anesi aja ankakhala kuseri kwanu."

Mzime, yemwe dzinalo linamukanirira chifukwa chobadwa kotsiriza ngakhale tsopano anali mayi wa ana awiri, anang'amba envulopuyo. Munali mapepala atatu otayipa, omangidwa ndi pini ya sitepala pakona. Tsamba loyamba linkati iyeyo ndiye adzayendetse zogawa chuma. Lachitatu linkapatsa achimwene ake njinga yamoto ndi puloti yopanda kanthu ya kunja kwa tauni, ndipo m'munsi mwake munali siginecha ya bambo ndi za mboni ziwiri. Koma limene linamukhazika pampando linali lachiwiri: nyumba inali ya Amayi, mpaka tsiku limene nawonso adzatsikire kulichete.

Amayiwa sanali omubereka. Analowa m'nyumbamo patatha chaka chimwalirire mayi awo a anawo, Mzime ali ndi zaka zitatu, achimwene ake ali ndi khumi ndi zinayi. Mzime sankadziwa mayi wina. Amene ankamuluka tsitsi, amene anamuperekeza tsiku loyamba kusukulu, amene anamugwira dzanja pobereka mwana wake woyamba, anali omwewa. Achimwene ake okha ndiwo sanawatchulepo kuti Amayi ngakhale kamodzi. Kwa iwo anali "akazi a bambo", zaka makumi atatu zonsezo. Ndipo bambo, munthu wosunga ngakhale risiti ya babu, sanapezepo tsiku lokalembetsa ukwatiwo, nthawi zonse ankangoti mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Maliro atangotha, achimwene anayamba kubwera ndi anthu ovala mataye, kuwazungulitsa nyumba, kugogoda makoma, kuyeza mpanda ndi mapazi. Amayi anangopita kugolosale kukapempha makatoni, n'kuyamba kukulunga mbale zawo m'manyuzipepala.

Ndiye mumvetse chifukwa chake Mzime anadya n'kukhuta tsikulo.

Bambo ake anagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi mpaka kupuma, ndipo dzina loti Ainsipekitala anapita nalo kumanda. Iwo anapuma ntchito, koma kachitsulo kawo koboolera matikiti sikanapume. Pepala lililonse limene awerenga n'kukhutira nalo ankaliboola pakona ya m'munsi, khe! n'kunena mawu omwe ankauza apaulendo: "Khalani, mpando ndi wanu." Malipoti a kusukulu, makalata a achibale, mapepala a kuchipatala, ngakhale kalata yachikondi imene anaigwira m'thumba la yunifolomu ya Mzime, zonse zinali ndi kabowo. M'nyumba imeneyo pepala lopanda bowo ndilo linali lachilendo, moti maso a ana anasiya kukaona n'komwe. Kachitsuloko kankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza, mpaka tsiku la maliro pamene achimwene anakachotsapo n'kukamangirira kumakiyi awo, osapempha munthu.

Tsopano tamvani zimene dzanja limachita mwini wake asanaganize. Mzime anali atajambula mapepala a anthu kwa zaka khumi ndi chimodzi. Munthu akangomupatsa mapepala omanga, dzanja lake linkapita lokha pa kachipangizo kochotsera mapini, chifukwa makina amameza pepala limodzilimodzi ndipo pini imakanda galasi. Wometa uja asanawoloke n'komwe msewu, iye anali atazula kale pini ya bambo ake, atajambula makope anayi oyera bwino, n'kumanganso mapepalawo ndi sitepala yake, mowongoka kuposa mmene analili. Anadziyamikira mumtima kuti kukhoti akaona kuti kwabwera munthu wodziwa mapepala. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lolemba m'mawa anali pabenchi mu ofesi yoona za chuma cha masiye, atanyamula zonse zimene anamuuza: chikalata cha imfa, chitupa chake, mndandanda wa katundu wa malemu, ndi fomu yopempha khoti kuti livomereze wilo. Chipindacho chinali ndi fani yosazungulira ndi mafayilo omanga ndi zingwe ounjikana mpaka kudenga. Kalaliki wake anali mayi wa magalasi apamphuno, wosadziwa liwiro. Analandira wiloyo, koma m'malo moiwerenga anaitembenuza n'kuyamba kupapasa pakona ndi chala.

"Pini iyi mwaika ndinu?"

"Eya, mayi. Ndinachotsa yakale kuti ndijambule bwino. Inali itachita dzimbiri."

Kalalikiyo anavula magalasi n'kumuyang'ana mwachisoni. "Mayi, wilo sachotsa pini. Taonani, timabowo takale ndi iti, tatsopano ndi iti. Dzimbiri lili patsamba loyamba ndi lomaliza, lapakatili lilibe. Siginecha ili patsamba lomaliza lokha. Khoti lidziwa bwanji kuti simunazulepo tsamba n'kulowetsapo lina? Timabowo aliyense akhoza kuboola ndi singano. Kodi mumagwira ntchito yanji?"

"Ndili ndi shopu ya fotokope. Timatayipanso."

Atangomva mawu akewo akutuluka, anazindikira kuti wadzipalamulira yekha. Kalaliki anangovalanso magalasi n'kutulutsa fomu ina m'dirowa. Anamufotokozera bwinobwino, ngati mmene anesi amafotokozera mankhwala. Alembe chikalata cholumbirira, anenemo zonse zimene anachita ndi pini ija, tsiku lake ndi chifukwa chake. Abweretse mboni zimene zinasainira wiloyo. Khoti lidziwitsa abale onse, ndipo ngati palibe wotsutsa, nkhani idutsa. Wina akatsutsa, onse akaonekera pamaso pa woweruza.

"Nanga akaikana?" anafunsa Mzime.

"Akaikana ndiye kuti bambo anu amwalira ngati munthu wosalemba kanthu. Mayi anuwo, poti alibe kalata yaukwati, ayambe kaye kutsimikizira khoti kuti anali akazi awo. Zimenezo zimadya zaka, mayi. Ena amamwalira fayilo ili pamulu pomwepo."

Masana amenewo anapeza Amayi atabwezera mbale zonse m'kabati, akupachika makatani ochapa kumene, akung'ung'udza nyimbo. Mzime analakalaka pansi patang'ambika. Anawauza ali chiimire pakhomo, akulira ngati kamwana koswa kapu ya alendo. Amayi anatsika pampando umene anakwerapo, n'kupukuta manja.

"Dzanja lako lija, lakhala lofulumira chibadwire," anatero. "Leka kulira. Ukanene zoona zokhazokha, usakawonjezepo ndi mchere womwe. Makatoni aja sindinataye, ali pansi pa bedi."

Mawu omalizawo ndi amene anamupweteka kwambiri Mzime. Akanamukalipira zikanapepuka.

Achimwene anafika kushopu tsiku lomwe analandira kalata ya khoti. Sanakhale pansi. Anaima pakati pa makina awiri, makiyi ali ngwerengwere m'manja, kachitsulo kaja kakulendewera.

"Ndiye wati unangochotsa pini? Iwe wamakina otayipira? Ndipo tsamba lopanda siginecha ndi lomwelo lopatsa akazi a bambo nyumba? Mzime, ukundiyesa mwana?"

"Achimwene, ndikulumbira pamanda a bambo, sindinasinthe ngakhale chilembo chimodzi."

"Bambo anandiuza ndi pakamwa pawo, tikuchokera koika mayi athu, kuti nyumba ija ndi ya mayi ndi ana awo. Iwe unali kumsana, sungakumbuke. Tikaonana kukhoti."

Chimene chinamuwawa Mzime n'chakuti achimwene akewo sankanama kapena kuchita dyera. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mlongo wawo wabera bambo awo mawu. Milungu isanu ndi umodzi yodikira tsiku la mlandu, Mzime anaonda mpaka makasitomala kuyamba kumufunsa ngati akudwala. Kochotsera mapini kaja anakaponya m'dirowa ya pansi n'kukhoma.

Mlanduwo sunachitikire m'bwalo lalikulu monga ankaopera. Kanali kachipinda ka tebulo limodzi, mipando isanu ndi zenera loyang'ana koimika magalimoto. Woweruza anali bambo wadazi lowala, moti wometa atangolowa ananong'oneza Mzime kuti, "Awa sindingadye nawo." Amayi anakhala kumapeto, chikwama chili pamiyendo. Achimwene anakhala mbali ina, makiyi ataika patebulo.

Woweruza anawerenga chikalata cholumbirira cha Mzime, kenako kalata ya anesi aja, omwe anali atasamukira kutali. Anesiwo ankangokumbukira kuti anasaina tsamba lomaliza, basi. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa wometa.

"Bambo, tsamba lachiwirili munaliwerenga tsiku limene munasaina?" anafunsa woweruza.

"Bwana, ndikanama n'chiyani, sindinawerenge. Malemu anati mboni ntchito yake n'kuona dzanja likulemba, osati kusuzumira m'nyumba za eni. Komanso magalasi ndinali nditaiwala kunyumba."

"Masamba analipo angati?"

"Atatu, kapena anayi. Koma atatu."

Mzime anatseka maso. Anaona makatoni akutuluka pansi pa bedi. Anamva woweruza akutembenuza mapepala.

"Timabowo ta pamwambati mwandifotokozera," anatero woweruza. "Nanga aka kam'munsika? Akanso munaboola ndinu, mayi?"

Mzime anatsegula maso poganiza kuti wapalamulanso china. Chala cha woweruza chinali pakona ya m'munsi, pa kabowo kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, kokhala ndi kamchira mbali imodzi. Kabowo kameneko anakajambula kanayi konse tsiku lija osakaona, ngati mmene munthu saonera mphuno yake. Asanayankhe, wometa anaomba m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Bwana, icho ndiye ndikukumbukira! Titamaliza kusaina, Ainsipekitala anasanja mapepala onse pamodzi, anatulutsa kachitsulo kawo ka matikiti m'thumba la malaya, khe! kamodzi kokha, onse pamodzi. Anesi aja mpaka anafunsa ngati takwera basi. Kenako anamata envulopu ine ndikuona, ndipo yakhala m'dirowa yanga ya malumo mpaka tsiku limene ndinakaipereka, milungu iwiri chiikire maliro."

Woweruza anasanja masamba atatuwo, anaimirira, n'kuwakweza pazenera. Kuwala kunadutsa pa kabowoko bwinobwino, kamwezi ndi kamchira kake, popanda tsamba lotsekereza linzake.

"Kachitsuloko kali kuti tsopano?"

Maso a Mzime, a Amayi ndi a wometa anapita okha patebulo, pomwe panali makiyi. Achimwene anawayang'ana makiyi awowo ngati akuwaona koyamba.

"Kali ndi ine, bwana," anatero pomaliza, mawu ali pansi.

"Kuyambira liti?"

"Tsiku la maliro."

"Mlongo wanuyu anakagwirapo chichokere tsikulo?"

"Ayi. Sikachoka m'thumba mwanga."

Woweruza anapempha kachitsuloko, anaboola pepala lopanda ntchito, n'kuliika pamwamba pa tsamba lachiwiri. Mabowo awiriwo anagwirizana ndendende. Anafunsa kuti kamchirako kanabwera bwanji, poti zitsulo zoterozo zimaboola mwezi wosalala.

"Ndinakagwetsa ine, kalekale," anayankha Amayi mofulumira. Anali mawu awo oyamba chilowere m'chipindamo.

"Sanagwetse." Achimwene ankayang'ana pansi. "Ndinakathyola ine, bwana. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndinkafuna kuboola chitsekerero cha botolo. Bambo akanandisenda khungu, chifukwa kanali ka kuntchito. Iwowa anawauza kuti akagwetsa okha akusesa. Bambo anatha mlungu osawalankhula."

Anapotokola chala chawo. Kenako anakweza mutu n'kufunsa woweruza kuti munthu akafuna kuchotsa chitsutso chake amasaina pati.

Mzime sanamve bwino zotsatira. Anangomva kuti khoti lakhutira kuti wiloyo ndi yeniyeni, kuti kalata yoivomereza ituluka pakatha milungu itatu, ndiponso kuti mayi wa fotokope asadzayerekeze kuchotsanso pini pa wilo ya munthu moyo wake wonse. Anavomera ndi mutu, misozi ikutsika, pakamwa pakuseka. Atatuluka panja anakhala pamasitepe a khoti ndi diresi lake labwino, n'kupuma mpweya umene anausunga kwa milungu isanu ndi umodzi. Njala inamugwira pomwepo, njala yeniyeni ya munthu wamoyo. Wometa anali kalikiliki kufotokozera mlonda wa pageti mmene wapulumutsira mlandu ndi nzeru zake, osatchulapo za magalasi oiwala. Achimwene anadutsa, anakwera minibasi n'kumapita.

Kalatayo inatulukadi pa tsiku lake, yokhala ndi chidindo chofiira. Kalaliki wa magalasi uja anaipereka ataigwira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Iyinso ili ndi pini, mayi. Muilekerere." Mzime anaijambula tsamba ndi tsamba, akupinda pakona mosamala ngati akusintha thewera la khanda, ndipo kwa nthawi yoyamba sanadandaule kuti kope yatuluka yopendama.

Loweruka masana anapita nayo kunyumba. Anapeza makatoni aja ali panja, ataphwasulidwa, Amayi atayala ena pansi pa mbande zawo za maluwa. Anakhala pabalaza, Mzime akuwerenga mokweza, Amayi akumuuza kuti abwereze pamene panali mawu oti nyumba. Akubwereza kachitatu, chitseko chinagogodedwa. Anali achimwene, okhaokha, opanda anthu a mataye. Anaima pakhomo ngati mlendo mpaka Amayi anawauza kuti alowe, pakhomo si pamalo poimapo mwana wa m'nyumba.

Sanapepese ndi mawu ambiri, si anthu ake. Anatulutsa makiyi, analimbana ndi waya mpaka chikhadabo kuthyoka, n'kumasula kachitsulo kaja. Anapita kuseri kwa chitseko. Msomali unali pomwepo, Amayi sanauzule.

"Musanapachike," anatero Amayi, akutenga kalata ya khoti patebulo, "bambo anu akanakhalapo akanaiboola iyi. Tandipatseni."

"Ayi!" Mzime anadumpha ngati waponda moto, n'kulanda kalatayo. "Amayi, mukufuna tibwererenso kwa adazi aja? Iyi siikhudzidwa ndi munthu!"

Anaseka onse atatu, kuseka kwa anthu amene aiwala kuti kumasekedwa bwanji, mpaka Amayi kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Mzime analowetsa kalatayo m'pulasitiki, n'kutulutsa kope yopendama ija.

"Boolani iyi. Makope alipo ambiri."

Amayi anayesa, koma zala zawo zinali zitafooka, kachitsuloko sikanatseke. Anayesanso, pepala linangopindika. Achimwene anagwada pambali pa mpando wawo, anatenga pepalalo, analiwongola pabondo, n'kuwerenga tsamba lonse mwakachetechete kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga ankachitira mwini kachitsuloko. Atamaliza anaika mano ake pakona ya m'munsi. Khe! Kapepala kooneka ngati mwezi kanagwera pasimenti.

Anabwezera pepalalo m'manja mwa Amayi.

"Khalani, Amayi," anatero. "Mpando ndi wanu."